Thobwa Ili Sindinalawe

Edina mwana wanga,

Makalata amayamba ndi kufunsa za moyo, koma ine sindifunsa, chifukwa masana ano ndakuona ndi maso angawa ukumaliza nsomba zitatu wekha mpaka kunyambita zala. Moyo uli nawo. Panopa wapita ku Khombedza kukalukitsa tsitsi, ndipo abambo ako atsikira kudoko kukaonetsa anzawo, kachisanu tsopano, kalata ija yokuitana ku sukulu ya uphunzitsi. Ine ndakhala pansi pa mtengo wa mango, ndathothola mapepala a pakati m'kope langa la nyimbo za kwaya. Ndikudziwa kuti mawa pokwera minibasi sindidzalankhula za nzeru. Ndidzangolira ndi kukufunsa kanayi ngati watenga juzi. Bola ndilembe lero.

Ndakondwa, mwana wanga. Ndakondwa moti dzulo ndinathira mchere kawiri m'ndiwo, abambo ako n'kudya osadandaula, poti nawonso m'kamwa simukumva kanthu sabata ino. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo dzina lako linatuluka kuti upite ku sukulu ngati yomweyi, koma matenda anafika msanga kuposa tsiku lotsegulira. Sutikesi imene tinakugulira nthawi imeneyo yakhala kudenga zaka zonsezi. Azakhali ako anaipempha kawiri, ine ndinakana. Lachiwiri ndinaitsitsa, ndinaipukuta, zipi yake ikuyendabe bwinobwino. Anzako a m'kalasi akakhala ana, ena azikakutchula kuti anti. Uzikawayankha mwansangala, si mlandu kufika mochedwa.

Koma mlandu ndili nawo ndine. Ukukumbukira kuti ndinalumbira pamaso pako kuti sindidzakuchitiranso kanthu kuseri. Sabata ino ndinatsala pang'ono kuswa lumbirolo, ndipo ndikuopa kuti ukamva ukhoza kuchoka pakhomo pano osandikhulupiriranso. Ndiulula zonse, koma kumapeto. Usathamangire tsamba lomaliza monga umachitira ndi mabuku ako. Uyambe wamva zimene ndinalakwitsa kale, chifukwa malangizo ena ndilibe. Ine nzeru zanga zonse ndinazitola pogwa.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kukuvomereza. Unayamba ndi kusagona. Kenako unati wailesi ya abambo ako ikunena za iwe, ndipo azimayi akaseka kumjigo unkati akuseka iwe. Pomaliza unakana chakudya, unati wina akuthiramo mankhwala oti ufe. Ine mayi wako, m'malo mokutengera kuchipatala, ndinamanga chitenje m'chiuno n'kunena kuti, "Zoona mwanangu, akukuchitira nsanje chifukwa wakhoza mayeso." Ndinayamba kusaka wolodza ndipo sindinachedwe kumupeza. Azakhali ako, mlongo wa abambo ako, anali atakubweretsera chambo chowamba sabata imeneyo. Ndinapita kwawo m'mawa, anthu akudutsa kupita kudoko, n'kuwaponyera nsomba ija pakhonde pamodzi ndi mawu amene sindingawalembe pa pepala la kwaya. Iwe utamva kuti ndapeza mfiti, mantha ako anawirikiza. Miyezi iwiri tinazungulira kwa asing'anga, mpaka ku Chitala tinafika, iwe ukungowonda.

Ndipo azakhali ako omwewo ndi amene anabwera tsiku lina ndi galimoto ya nsomba yopita ku boma n'kuiimitsa pakhomo pathu. Moni sanandipatse. Anangoti, "Alamu, mudzanditukwanenso pobwera. Panopa nyamulani mwana tipite kuchipatala." Kumeneko ndi kumene tinamva dzina lalitali lija, sikizofireniya, limene mpaka lero lilime langa limapunthwa nalo. Adokotala anati ndi matenda a ubongo, amagwira munthu monga ena amagwidwa ndi shuga, palibe wakulodza, ndipo mankhwala ake alipo. Ulendo wonse wobwerera ndinayang'ana pansi, azakhali ako akuyang'ana ine.

Ndiye tamvera, Edina. Mantha akadzakugwira kumeneko, kaya ukuona ngati mnzako wa m'chipinda akukuyang'ana moipa, kaya ngati a kumbuyo m'kalasi akunong'onezana za iwe, usakafune munthu wokuvomereza ngati mmene ndinachitira ine. Wovomereza amakoma tsiku limodzi lokha. Ukafune wouma pakamwa ngati azakhali ako, woti angakufunse kuti, "Iwe, sabata ino wagona maola angati?" Ukakwiya naye, kwiya, koma funsolo uliyankhe.

Za kulawa mwina sukumbukira mmene zinayambira, poti unandiuza kuti masiku amenewo umawaona ngati mu utsi. Tinabwerako kuchipatala ndi mapiritsi, koma iwe osadya, osamwa, mikono ngati bango. Amene anaganiza ndi abambo ako. Anatunga thobwa m'kapu, nakhala pamphasa moyang'anana nawe, n'kunena kuti, "Kwathu kuno mlendo sitimupatsa thobwa eni ake tisanalawe. Timati kuchotsa ufiti. Iwe lero ndiwe mlendo wathu." Anamwa, anapukuta ndevu, n'kukhala duu kudikira kufa. Ataona kuti sakufa, anakupatsa kapu ija. Unawayang'ana nthawi yaitali, kenako unamwa. Ine ndinathawira kuseri kwa khitchini kukalira. Kuyambira tsiku limenelo palibe chinalowa m'kamwa mwako chisanadutse mwa ine kapena mwa iwo, kaya phala, kaya mbatata, kaya mango, ngakhale madzi a kumjigo. Abambo ako akapita ku chilumba cha Mbenji nyengo ya utaka, ntchito yonse inkatsalira ine. Thupi ili umandiseka nalo kuti silikwananso pa kabaza, unandimangira ndiwe.

Kulakwa kwachiwiri ndiko kwakukulu, ndipo ngakhale masiku ano timaseka tikakumbukira, ndikufuna kulembedwe bwino. Chakudya unayamba kudya, koma mapiritsi unkakana kwamtuwagalu. Abambo ako anali ku Mbenji, woti n'kundiletsa panalibe. Ndinasinja mapiritsi awiri ndi supuni, n'kuthira m'kapu ya thobwa, shuga wambiri kuti kuwawa kubisale. Ndinakupeza uli pamthunzi pansi pa thandala pamene ndinayanika usipa wa m'mawa. Ndinalawa pang'ono n'kukupatsa. Iwe unanunkhiza n'kuti, "Mwaninso, amayi." Ndinamwanso. "Mwaninso." Ndinamwanso, uku ndikumwetulira ngati wotsatsa malonda. Pofika kachinayi m'kapu munatsala masese okha, iwe usanamwe ngakhale dontho. Ndinati palibe kanthu, ndiyesanso madzulo, n'kuyamba kutembenuza usipa. Dzuwa lisanafike pamutu miyendo yanga inalefuka, maso analemera, ndinati ndingokhala pang'ono pamchenga.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, mutu wanga uli pamiyendo pako. Dzanja limodzi unandigwira pachipumi, lina unali ndi bango ukuthamangitsa akhwangwala kuti asamalize usipa, misozi itayenda mpaka kuchibwano. Azimayi a pamathandala ena anaima patali, ena akuseka kuti mayi wa kwaya waledzera dzuwa likuswa mtengo, koma iwe sunalole munthu kundiyandikira. Unati, "Amayi, amafuna kupha ine, koma mwamwa ndinu. Munamweranji zonse?" Edina, pamchenga paja ndinali ndi njira ziwiri. Ndikanangoti eya, ukanandikonda kuposa kale, koma adani aja a m'maganizo mwako akananenepa. Ndinakuuza zoona. Ndinati munali mapiritsi ako ndipo ndinathira ndine. Unachotsa mutu wanga pamiyendo pako pang'onopang'ono, ngati ukuika pansi mphika wa eni ake, n'kunena mawu awiri okha. "Ndiye ndinu." Masiku atatu sunadye kanthu. Chilichonse chimene ndalawa ine unkachikankhira kutali ndi phazi. Masiku aatali ngati amenewo sindinawaonepo.

Ndinatumiza uthenga ku Mbenji. Abambo ako anasiya ukonde m'manja mwa anzawo, nsomba zikugwa, n'kukwera boti lobwera kumtunda. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipira. Anatenga mbale yoyera, anaikapo mapiritsi awiri poyera, n'kukhala nawe pamphasa pomwe paja. Anati, "Awa ndi mankhwala ako. Ine sindilawa chifukwa si anga, komanso ntchito yake taiona kale pa amayi ako. Mawa tipite kwa adokotala ukawafunse wekha chilichonse, ine ndikakhala chete." Unaseka. Kanali kaseko kakang'ono ka m'mphuno, koma kanali koyamba m'miyezi isanu ndi umodzi. Madzulo amenewo unadya mbatata imene analawa iwo.

Kuchipatala unafunsa mafunso mpaka anthu pamzere anayamba kung'ung'udza. Unawauza adokotala kuti mapiritsi aja unawayesapo masiku oyamba ndipo ankakuumitsa khosi ndi kukunjenjemeretsa manja, zimene ine ndinali ndisanakufunsepo n'komwe. Anakumvera, anakonza, ndipo unasankha wekha jakisoni wa mwezi ndi mwezi. Ine adokotala aja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Mayi, munthu akuopa kuti akumuthirira mankhwala m'chakudya, inu n'kumuthiriradi?" Ndinasowa polowera. Titafika kunyumba ndinagwada pamaso pako, ine mayi wako, ndi kulumbira kuti chilichonse chokhudza iwe ndizichichita iwe ukuona. Patapita sabata unandipatsa mango kuti ndikulawire, ndipo ndinadziwa kuti wandilandiranso.

Phunziro lake ndi ili. Matendawa ndi ako, mankhwala ndi ako, pakamwa ndi pako. Buku lako la kuchipatala lili m'thumba la m'kati mwa sutikesi, pamodzi ndi kalata imene adokotala alembera anzawo a kumeneko. Sabata yoyamba, usanadziwe n'komwe kumene amagulitsa zitumbuwa, upite ukadzionetse. Ukafunse mafunso ako onse, a pamzere azing'ung'udza. Mankhwala akakakuvuta m'thupi usakasiye mwakachetechete, ukanene, amasintha. Zinthu zitatu izi uzisunge ngati nyimbo: jakisoni pa tsiku lake, tulo pa nthawi yake, foni Lamlungu. Wamva, Edina?

Kulakwa kwachitatu kunabwera ndi chimwemwe, ndiye chimwemwe nachonso uzichenjera nacho. Patatha zaka ziwiri unanenepa, khungu linasalala, unabwerera ku kwaya. Ine ndinaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni mpaka abusa anayang'ana wotchi. Mwezi wina usipa unagwa wambiri moti mathandala anachepa, wina tinkayanika pamiyala. Tsiku la jakisoni linafika ine ndili mu usipa mpaka m'zigongono. Unandikumbutsa kuti ndikuperekeze. Ndinati, "Iwe wachira, taona mmene ukuonekeramu. Mwezi umodzi sungalakwe." Mwezi wotsatira mvula inadula msewu. Wachitatu tinachita manyazi kupita, poti tinali titadumpha iwiri ndipo ndinkaopa magalasi aja. Wachinayi ndinapeza wailesi ya abambo ako itakulungidwa m'bulangeti n'kubisidwa pansi pa bedi.

Mtima wanga unasweka. Koma pali chinthu chimene unachita tsiku limenelo chimene sindinakuyamikirepo bwino, ndiye ndikuyamika pano. Ndisanatsegule pakamwa unabwera wekha kukhitchini n'kuti, "Amayi, anthu aja ayambanso kulankhula. Ndikudziwa kuti kulibe, koma akusokosa. Ndiperekezeni." Ndinasiya ndiwo pamoto, zinapserera, palibe anadandaula. Ulendo woyamba tinakunyamula pa galimoto ya nsomba, wachiwiri unayenda ndi miyendo yako, ine ndikuthamanga pambuyo. Panjira ndinkalira, koma sikunali kulira kwa chisoni chokha. Ndinaona kuti mwana wanga wawadziwa matenda ake kuposa mmene ndimawadziwira ine.

Kumeneko kukapezeka anthu okuuza zimene ndinakuuza ine. Ena azikati sukuoneka wodwala, mankhwala ndi a chiyani. Ena akabwera ndi Baibulo m'manja n'kuti utaye zonse uonetse chikhulupiriro. Upemphere, mwana wanga, ine ndimapemphera kuposa onsewo, mawondo angawa ndi mboni. Koma bwato la abambo ako silinamirepo chifukwa amalimata chaka ndi chaka lisanayambe kudontha, ndipo akakwera amapempherabe. Nthawi ya mayeso ukaona anzako akuwerenga mpaka kucha, mapazi ali m'ndowa ya madzi ozizira kuti asasinze. Iwe ndowa imeneyo si yako. Uwerenge masana, ukagone, ngakhale akuseke kuti anti akalamba. Kachasu ndi fodya wamkulu sindikunena n'komwe, adokotala anakuuza kale ndipo unalemba m'kope. Jakisoni pa tsiku lake, tulo pa nthawi yake, foni Lamlungu.

Kulakwa kwachinayi ndinachita ndikuganiza kuti ndikukonza kwachitatu. Utachira kachiwiri ndinakusandutsa dzira. Mpeni wotumbulira nsomba ndinkabisa. Kumoto ndinkakuletsa. Ukapita kunyanja kukachapa ndinkabwera pambuyo ngati ndikutola nkhuni, pamchenga pomwe palibe ndi mtengo umodzi womwe. Ukangokhala chete pang'ono, ine ndili pomwepo, "Ukuganiza chiyani? Ukumva chiyani?" Unkakhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamiyendo, nkhope ikuzima pang'onopang'ono. Tsiku lina abambo ako akusoka ukonde anati, osandiyang'ana, "Mayi a Edina, mwanayu wayamba matenda ena, ndipo dzina lake ndi inu." Ndinawanyanyala masiku awiri, koma ankanena zoona.

Anakutulutsa pakhonde paja ndi azakhali ako, monga mwa nthawi zonse. Anabwera ndi foni yawo n'kuti atopa kupempha anthu kuti aziwawerengera mauthenga a mwana wawo wa ku Joni, chifukwa mudzi wonse umadziwa nkhani zawo iwo asanazimve. "Iwe unaphunzira, ndiphunzitse," anatero. Ine ndinati mwana asatope. Iwo anati, "Alamu, pitani mukatembenuze usipa." Munayamba pansi pa thandala lomwe lija ndinagonapo, mukulemba pamchenga ndi kamtengo. Sabata yachiwiri munali atatu. Mwezi usanathe munali azimayi asanu ndi awiri, ena mwa omwe aja anandiseka kuti ndaledzera, akulemba zilembo ndi makala pa makatoni, lilime lili panja. Tsiku limene azakhali ako analemba dzina lawo lonse anavina kuchokera kumathandala mpaka kumjigo, katoni ili pamutu. Anthu amene ankati "kwa wamisala kuja" anayamba kunena kuti "kwa aphunzitsi kuja." Ine ndikamva zimenezo ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

Mafomu a sukulu unalemba osandiuza, abambo ako okha ndi amene ankadziwa. Kalata itabwera ndinakufunsa chifukwa chake unandibisira, iwe n'kuti, "Amayi, mukanafuna kulawa ndi mafomu omwe." Ndinaseka, koma m'kati zinandilasa. Ndiye ukafika kumeneko, usalole munthu akusandutse dzira, ngakhale akhale wokukonda. Ntchito imene anzako akugwira, iwenso gwira. Ukalakwa akudzudzule monga adzudzulira ena. Ena akamva za matenda ako adzakutalikira, zimenezo zidzawawa, sindikunamiza. Ulire, uimbe foni ngakhale si Lamlungu, kenako upite m'kalasi.

Za amuna ndinena pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti wayamba kale kukwinya nkhope. Ndiwe wokongola, unatengera ine ndisanayambe kulawa. Akadzabwera wina wooneka kuti ali ndi maganizo, umuuze wekha za matenda ako zinthu zisanapite patali, masana, ukumuyang'ana m'maso. Asadzamve kwa anthu. Akathawa, wakuchepetsera ntchito. Akafunsa kuti tsiku la jakisoni ndi liti kuti akuperekeze, ameneyo ubwere naye adzaone abambo ako.

Tsopano mlandu wanga. Lolemba, iwe uli ndi ophunzira ako kumathandala, ndinalemba kalata yopita kwa ametuloni, mayi amene amayang'anira atsikana kumalo ogona. Ndinalembamo zonse. Dzina la matenda ndinakopera m'buku lako chilembo ndi chilembo. Ndinalemba za tulo, za wailesi, za chakudya, ndi kuti akaona wasiya kudya ndi anzako andiimbire msanga. Pomaliza ndinalemba kuti, "Chonde Edina asadziwe kuti ndakulemberani." Ndinaimata, n'kuibisa m'thumba la jekete la abambo ako limene avale mawa pokuperekeza, ndikuganiza kuti ndiwanong'oneze pokwera minibasi kuti akaipereke iwe ukuyang'ana kwina. Ndinadziuza kuti ndi chikondi. Ndinadziuza kuti kumeneko kulibe wokulawira, ndiye pakhale wina wokuyang'anira. Masiku asanu ndakhala ndikuyenda pakhomo pano ndikumwetulira ngati wotsatsa malonda uja.

Masana ano ndi pamene wandigwetsa. Ndabwera ndi madzi osamba m'manja mochedwa, ndakhala pansi, ndatambasula dzanja kuti nditsine nsomba m'mbale yako monga mwa masiku onse, ndipo ndapeza yoyamba yatsala mutu ndi minga. Ndati, "Iwe, sindinalawe!" Wandiyang'ana, mafuta ali pamilomo, n'kuti, "Amayi, ine ndinasiya kalekale kukudikirani. Zaka ziwiri tsopano. Inu mumangodya ndiwo zanga basi." Abambo ako atsamwa ndi kuseka mpaka ndawamenya pamsana. Atapuma ati, "Tinapangana kuti tisakuuzeni, tione mudzazindikira liti." Ine ndati, "Ndiye inunso mumandichitira za kuseri!" Taseka tonse atatu mpaka nkhuku zathawa. Koma ine ndikuseka choncho, maso anga anali pa jekete lija lili pa msomali.

Zaka ziwiri, Edina. Zaka ziwiri ukudya chimene ndaphika osayang'ana pakamwa panga, pondikhulupirira basi, ine osaona. Ndipo ine, pobweza, ndasinjanso piritsi lina n'kulibisa m'thumba la jekete. Utangonyamuka kupita ku Khombedza ndalowa m'nyumba n'kuitulutsa kalata ija. Manyazi amene ndinamva pamaso pa adokotala aja ndawamvanso lero, ndili ndekha m'chipinda.

Ndiye kalatayo ndi iyi, ndaipinda m'kati mwa inoyi, ndaimatula. Uiwerenge. Zonse zili mmenemo ndi zoona, kupatula mzere womalizawo umene ndaufufuta, ngakhale ukuonekabe, ndipo ndausiya dala kuti uone mayi ako mmene alili. Ndikhululukire. Ukafuna kuipereka kwa ametuloni, ukapereke ndi dzanja lako. Ukafuna kuing'amba n'kuwauza ndi pakamwa pako, ndiye bwino koposa, poti iwe umafotokoza bwino kuposa ine. Ukaona kuti ametuloni si munthu wake, usankhe wina. Maganizo anga sindibisa, ndikufuna pakhale munthu mmodzi kumeneko wodziwa, woti tsiku lina ungamuuze kuti "ndiperekezeni" iye osafunsa zambiri. Koma wosankha ndiwe. Ine sindidzaimbira foni munthu aliyense wa kumeneko iwe usakudziwa. Ndalumbira kachiwiri, ndipo ulendo uno abambo ako ndiwauza ndekha akabwerako kudoko kuti akhale mboni.

Za ife usade nkhawa. Azakhali ako ati kalasi ya kumathandala aitenga ndi iwo mpaka udzabwere pa holide, ngakhale chilembo cha S amachilembabe chotembenuka. Abambo ako ati chaka chino akhala ku Mbenji nyengo yonse osabwerera pakati, koyamba chiyambire matendawa. Ine mwina ndiwonda.

Juzi watenga? Buku la kuchipatala lili m'thumba la m'kati. Jakisoni pa tsiku lake, tulo pa nthawi yake, foni Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Mulungu amene anakusunga pansi pa thandala lija akakusunge kumeneko, aphunzitsi.

Chomaliza. M'chikwama chako chaching'ono, pambali pa mtedza, muli botolo la thobwa la paulendo. Ndaphika ndekha, ndathira m'botolo ndekha, palibe amene anaona. Muli madzi, ufa, chimera ndi shuga, basi. Ndinatenga kapu kuti ndilawe, dzanja linapita lokha, kenako ndinaibwezera pamalo pake ili youma. Sindinalawe, Edina. Sindikudziwa n'komwe ngati shuga wakwana. Ukamwe minibasi ikayamba kukwera mapiri, ndipo Lamlungu udzandiuze.

Ndine mayi ako amene unawanenepetsa,
Nachisale